Kaundula wa ku Falmenta

Wansembe anandipatsa kiyi ndi bulangeti,
nati m'chipinda cha mabukucho mumazizira kuposa kumanda.
Sananame.
Ndinabwera kudzafuna anthu anga,
ine Ornella, namwino wa odwala chifuwa ku Novara,
ndi kope latsopano ndi mapensulo awiri.

Buku loyamba linkanunkha mbuzi.
Dzina lililonse lili ndi ntchito yake pambali
ngati chida chotsamiritsidwa pakhomo:
Zaccheo, wonola mipeni, anapita ku Lione osalembako kalata.
Fermo, womata mapoto obooka.
Celestina, mzamba, yemwenso ankasambitsa maliro,
khomo lolowera ndi lotulukira m'manja amodzi.
Koma ife a Dresti, tsamba ndi tsamba,
wopala mwaye, wopala mwaye, mwana wa wopala mwaye.

Dziko lino ndi miyala yokhayokha.
Chisanu chikayamba kutsika m'mapiri
pakamwa pankachuluka kuposa mkate,
ndiye kunkabwera bwana wa chipewa chachikulu
kudzayeza mapewa a anyamata ndi zikhatho.
Woonda ndiye anali wamtengo.
Ankawatsitsira ku Milano, ku Pavia,
kukakwawa m'machumuni a anthu olemera,
thumba kumutu, chopalira m'dzanja,
mawondo ndi zigongono m'malo mwa makwerero.
Akafika pamwamba ankatulutsa mkono n'kufuula
kuti bwana pansipo adziwe kuti sanadukize.

Agogo a bambo anga, Gaudenzio, ndimawadziwira pa chithunzi:
ndevu zoyera, zikope zofiira m'mphepete.
Amati mpaka imfa sankalola kugona chitseko chotseka.
Ndinawapeza. Ubatizo, 1870.
Ukwati ndi Apollonia, 1893.
Ndinanyambita chala, kubwerera masamba angapo,
ndipo ndinawapezanso:
Gaudenzio Dresti, wa zaka zisanu ndi zinayi,
wafera ku Pavia mu Januwale 1880,
"wina anasonkha moto mwana ali m'kati."
Makolo omwewo. Nyumba yomweyo, ya kuseri kwa chigayo.

Munthu safa kenako n'kukwatira.

Ndinakhala mpaka zala zinachita dzanzi.
M'munsi mwa tsamba, inki ina, timalemba tothinana:
"Pa Pasaka bwana wabweza mnyamata.
Mayi akuti ndi wake."

Tsono ndimamuona Teodolinda, watereka madzi,
mwana wakuda bii waima m'beseni ngati chitsa chopserera.
Akutsuka khosi. Akutsuka kuseri kwa makutu.
Madzi oyamba ada, achiwiri ada,
pa achitatu nkhope yatuluka,
ndipo si iyo.
Chipsera cha pachibwano palibe.
Galu wa pakhomo akuuwa, mwanayo sakumudziwa dzina.
Panja bwana akugwedeza m'thumba ndalama za nyengo yonse
zimene sakanapereka pa mwana wakufa.

Sindikudziwa chimene chinalemera kwambiri,
ngongole ya ufa kapena nthiti zoonekera zija.
Mwina zonse, mwina kutopa chabe.
Koma alipo amene anatsegula bokosi,
natenga malaya a malemu, nawapinda manja kawiri,
nati, "Gaudenzio, idya."

Mzera umene ndinajambula m'kope wadukira pamenepo.
Magazi anga achokera kwa mwana wopanda tsamba,
wotoledwa pansi pa mlatho kapena pa khomo la tchalitchi,
amene anayankha dzina la mwini wake zaka makumi asanu ndi limodzi
osaphonya n'kamodzi komwe.

Ndinabweza kiyi. Wansembe anafunsa ngati ndawapeza.
Ndinati eya.

Utsi unkatuluka pa nyumba zisanu zokha m'mudzi monsemo.
Kuseri kwa chigayo denga linagwa kalekale,
chumuni chokha chidakaima pakati pa minga.
Ndinagwada, ndinalowetsa mkono mpaka paphewa.
N'kopapatiza kuposa mmene ndinkaganizira.
Chala chinatuluka chakuda,
ndipo ndinachidinda m'kope
pomwe mzera unadukira paja.